Mabokosi Atatu

Anafika dzuwa litapendeka, magetsi atangoyaka kumene,
m'kashopu kanga ka fotokope kuseri kwa Malangalanga,
Habtamu, wa golosale ija ya ku Biwi,
fulashi ili m'manja ngati dzira.
Anati: mundisindikizire dzina la mkazi wanga,
mawa akwanitsa masiku makumi anayi chigonere.

Ndinatsegula fayilo.
Pagalasi panandandalika timabokosi titatu,
topanda kanthu m'kati,
ngati aja amatsamira khoma ku Lubani kudikira eni ake.

Bamboyo sananene kanthu. Anangovula chipewa.
Ine ndinadina apa, ndinadina apo,
ndinazimitsa makina n'kuyatsanso monga timachitira tonse,
thukuta lili kamukamu kumsana.
Mabokosi aja osasuntha.

Sungeni, mwana wa achemwali anga,
amene fizi yake ya kukoleji imatuluka m'makina omwewa,
anasiya tchipisi chake pa mpando, napukuta zala pa siketi.
Anti, dzinalo silinatayike.
Kompyuta sidziwa chilembo, imadziwa nambala basi.
Chilembo chilichonse cha padziko anachipatsa puloti yake,
ndipo a ku Itiyopiya mudzi wawo umayambira pa 4608.
Taonani: 4656, 4619, 4637.
Onse atatu alipo, ali chilili pakhomo,
koma makina anuwa alibe zovala zoti awaveke.

Ndinafunsa: nanga bwanji fayilo ikulemera chonchi, dzina lalifupi?
Anaseka. Zathuzi, a, b, c, chilichonse chimakwera ndi mpando umodzi.
Zawozi chilichonse chimalipira mipando itatu.
Ndinaganiza za minibasi ya ku Kawale,
mayi wa mtolo waukulu akukangana ndi kondakitala,
koma ndinasunga pakamwa, panali maliro.

Tinagula bandulo. Netiweki inkakwawa ngati nkhono.
Panja wogulitsa malaya a kaunjika ankakuwa mtengo womwewomwewo,
Habtamu akuyang'ana pansi, akupotokola chipewa.

Kenaka, mosagogoda,
bokosi loyamba linatseguka, lachiwiri, lachitatu:

ሰላም

China chamiyendo iwiri ndi kanyanga pamutu,
china mwendo umodzi wautali ngati chikutsika sitepe,
chomaliza cha maso awiri ndi mchira wolendewera.
Se, la, m. Selam.
Anati kwawo ndiye kuti mtendere.

Anagusa galasi ndi chala, n'kusiyapo chidindo cha mafuta
chimene sindinapukute mpaka lero.
Atapeza mawu anayamba kutiphunzitsa:
kwathu chilembo sichiyenda chokha,
chimabereka liwu lake kumsana.
Banja limodzi, ana asanu ndi awiri,
uyu wamutalikitsa mwendo, uyu wamuveka mphete,
le, lu, li, la.
Ndinakumbuka Sitandade 1 pansi pa mtengo ku Nathenje,
ma, me, mi, mo, mu,
ife tikulemba ndi chala pa dothi.
Sungeni anati ndi momwemo anawaikira manambala,
banja lililonse mzere wake, khomo ndi khomo.

Pomaliza anapempha kanthu kamodzi.
Kumapeto musaike kadontho kamodzi ka kuno.
Muike tinayi, tiwiri pamwamba, tiwiri pansi,
ndi mmene timatsekera mawu kwathu.
Nato tinali ndi nambala yake.

Makope makumi atatu. Ndinamuuza kuti asalipire.
Anasiya ndalama pansi pa sitepula n'kutuluka.

Nditatseka chitseko ndinakhala ndekha ndi makina.
Bambo anga anali a Chiŵaula,
ŵ wovala kachipewa, wotchulidwa milomo isanakumane.
Pa chitupa changa kachipewako kulibe.
Kubanki kulibe. Pa chikwangwani cha shopu ino
ndinakachotsa ndekha, poti kankatuluka ngati funso.

Ndinaimbira Sungeni ali m'minibasi.
Iwe, nanga ŵ wathu uja ali ndi puloti?
Phokoso la hutala, kenaka mawu ake:
373, Anti. Wakhala alipo nthawi yonseyi.